Amayi Maria m'Chigafa cha Fodya

Ndowa ya madzi a sopo inali itafika kale pakhomo la tchalitchi pamene Lefina anatulukira, akupuma ngati amuthamangitsa agalu. Raymond, wapampando wa tchalitchicho, anali atapinda malaya mpaka m'zigongono, atagwira burashi yochapira majinzi.

"Ikani pansi chimenecho," anatero Lefina.

"Mwadzuka bwanji, aNabanda?"

"Ndadzuka. Ikani pansi."

Raymond sanaike. Basi Lefina anangotukula phazi n'kukankha ndowa ija. Madzi anatsika masitepe onse, thovu lili mbuu, ndipo amuna awiri a komiti amene anaima pamenepo anadumpha ngati atsikana a chitelele populumutsa nsapato zawo.

Tchalitchi chimenechi n'chaching'ono, chili kumunsi m'mbali mwa dambo, njira yopita ku Kaluluma. Mvula ya chaka chimenecho itapsa mtima, madzi analowamo osaodira, nayandamitsa mabenchi, nagwetsa thebulo limene pankakhala chifanizo cha Amayi Maria. Anawapeza atagona chagada m'matope. Pajatu amuna a m'mudzimo ndi alimi a fodya, ndipo mlimi wa fodya akaona chinthu chofunika chanyowa, nzeru imene imamubwerera ndi imodzi: pepala la pulasitiki. Anawakulunga Amayi m'pepala lakuda lofolerera zigafa, nawanjata ndi chingwe ngati belo lopita ku okushoni, nawatsekera m'kachipinda. Anachita zimenezi ndi mtima wabwino, ena mpaka misozi.

Tsiku lomasula, choyamba kutuluka chinali fungo. Chuku chinali chitayala thupi lonse, chakuda, chobiriwira, china choyera ngati ubweya wa mphaka. Pachibwano ndiye chinachita kuwirira, moti ana a katekisimu anazungulira mudzi wonse akulengeza kuti Amayi Maria amera ndevu.

"Bambo mfumu akubwera kudzadalitsa tchalitchi," anatero Raymond, akudziletsa kukweza mawu. "Adzawapeze Amayi ali chonchi? Tiwasambitse, tiwayanike padzuwa, tiwapake penti. Penti ilipo, inatsala ya zitseko."

"Ya zitseko! Dzulo munawapukuta dzanja ndi kansalu konyowa. Chala chili kuti?"

Chala chinalidi chitapita. Chifanizocho chinali cha pulasitala woyera, yemwe uja amamangira mwendo wothyoka kuchipatala, ndipo atamwa madzi anafewa ngati chinangwa chophika.

"Chala tiumba china," anayankha Raymond. "Ndipo timizere ta m'masayamo titsekeretu ndi simenti yoyera. Amayi a Yesu analibe mphini, aNabanda. Baibulo silinena zimenezo."

"Nanga penti ya zitseko likunena pa vesi yanji?"

Apa ndiye panagona nkhani. Chifanizocho anaumba ndi Yobu, mlongo wake wa Lefina, amene anaphunzira ntchitoyo ku mishoni ali mnyamata. Mayi awo anamwalira osajambulitsako chithunzi n'chimodzi chomwe, ankati kamera imayamwa magazi. Ndiye Yobu atapemphedwa kuumba Amayi Maria, anaumba nkhope imene ankaidziwa: mphuno yotambalala, milomo yonga ikufuna kukalipa koma yaleza kaye, ndi mphini m'masaya onse awiri, zija ankatema atsikana akale. Yobu naye anapita. Padziko lonse lapansi nkhope ya mayi ake a Lefina inatsala pamenepo pokha, pansi pa chuku. Raymond ankadziwa zimenezi. Mudzi wonse unkadziwa. Kungoti ena zinkawachititsa manyazi kukabwera alendo a m'tauni.

Lefina analanda burashi ija, naipana m'khwapa, nakwera nayo pachulu pomwe foni imagwira. Anaimbira Consolata, mwana wa Yobu, amene amagwira ntchito kunyumba yosungira zinthu zakale mumzinda. Ntchito yake ndi yomweyi, yochiza zinthu zodwala zomwe sizilankhula.

"Azakhali, asawathire madzi!" anakuwa Consolata, mawu akumveka mpaka pansi pa chulu. "Madzi ayi. Dzuwa ayi, ang'ambika. Moto ayi. Penti ndiye muiwaliretu, imatsekera chinyezi mkati, chuku n'kumadyera kunsi."

"Mwamva, apampando?" anatero Lefina, atatembenuzira foni kwa Raymond. "Pitiriza, mwanawe. Ndiye tiwatani?"

"Aume kaye okha, pang'onopang'ono. Pakhale pamthunzi, podutsa mphepo mbali zonse, posafika mvula."

"Ukunena chigafa."

"Ayi, azakhali, ine ndikunena malo oti..."

"Ukunena chigafa, mwanawe. Sukulu yonseyo kuti ukaphunzire chigafa!"

Anatsika pachulu, nakatenga wilibala ya tchalitchi, nayalamo masaka ndi udzu wouma. Chifanizocho n'chachifupi ngati mwana woyamba kumene kuyenda, ndipo mkati n'chamhako. Anachinyamula yekha, nachigoneka bwinobwino.

"Katundu ameneyo ndi wa mpingo," anatero Raymond ataima kutsogolo.

"Ndigwireni ndiye. Gwirani nkhalamba pakhomo la tchalitchi, anthu aone."

Raymond anayang'ana anzake aja. Mmodzi ankayang'ana nsapato, wina ankayang'ana mitambo. Wilibala inadutsa ikulira kwiyo kwiyo, masana dzuwa likuswa mtengo, Lefina atawafunditsa Amayi ambulera.

Kunyumba anapeza Zakeyo, mwamuna wake, akusoka fodya pansi pa mtengo wa mango. Chigafa chinali chodzaza, masamba ali lende pa mikangala kuchokera kuno mpaka uko, ena achikasu, ena atayamba kufiira.

"Mwatenga chiyani, amayi a Chancy?"

"Mlendo."

Zakeyo anasuzumira, nabwerera m'mbuyo atagwira mphuno. "Chuku! Mukufuna kulowetsa chuku m'chigafa? Nthawi ino? Fodya yenseyu agwidwa, akatibwezera ku okushoni!"

"Akhala kumapeto uko, kolowera mphepo ikamachoka. Fungo lizipita kuthengo."

"Kumeneko kuli fodya."

"Fodya wa ndani?"

Chigawo chakumapetocho chinali cha Lefina mwini, fodya wa m'kamunda kake komwe ankadzigulira nako zitenje ndi mankhwala a miyendo. Lefina anayamba kutsitsa mikangala yake umodziumodzi. Malo ena oumitsira kunalibe, ndiye anakaipachika m'khichini, m'mene utsi umagona ndi kudzuka.

"Fodya ameneyo afa," anatero Zakeyo.

"Afe. Chaka chamawa ndibzala wina. Amayi anga ndikawabzala kuti?"

"Akazi inu mudzandipha."

"Mwakhala mukufa chikwatirane, abambo a Chancy, koma mbale simusiya."

Zakeyo anang'ung'udza mpaka madzulo. Koma m'mawa mwake Lefina anapeza kuti pakati pa fodya ndi mlendo papachikidwa masaka ngati katani, ndipo Amayi akwezedwa pa njerwa kuti asakhudze dothi. Atafunsa, Zakeyo anati akuteteza fodya wake, zina sakuzidziwa.

Masiku anayamba kupita. Mvula ikagwa Lefina ankathamangira kuchigafa kukaona ngati denga likudontha. Kukacha ankagogoda pang'ono kumsana kwa chifanizo ndi chikhadabo, n'kumvetsera, monga anamulangizira Consolata. Poyamba pankamveka bu bu, ngati dzungu. Kenako panayamba kumveka ngati mphika. Chuku chija chinasiya kunyezimira, chinasanduka fumbi.

"Tsopano muchisese," anatero Consolata pafoni. "Koma ndi kanthu kofewa, kouma. Muchitire panja, mphepo ikhale kumsana kwanu. Ndipo mutseke mphuno, azakhali, chimenecho chimalowa m'mapapo."

Tambala wa pakhomopo ndi amene analipira. Anatsala ndi mchira wa theka, akuyenda chammbali ndi manyazi pakati pa akazi ake. Lefina anavala kansalu kakumphuno kamene kanatsala nthawi ya mliri ija, natulutsa Amayi kuseri kwa chigafa pamthunzi, nayamba kusesa ndi nthenga. Ndevu zinachoka tsiku loyamba. Mkanjo wabuluu unayamba kuoneka. Koma kumaso kunatsala madontho akuda, ouma gwa, okana nthenga.

"Amenewo amafuna sipiriti ndi thonje," anatero Consolata. "Koma sipiriti woyera. Wofiirira uja ayi, awadaya nkhope."

M'magolosale a pa Kaluluma munali wofiirira yekhayekha. Lefina pobwerera anayenda akuganiza. Chinthu choyera ngati madzi, choyaka ukachiyandikiza machesi, chakupha tizilombo ndi amuna omwe, m'mudzimo chinalipo. Anakhotera kwa mayi wina wotcheza kachasu kuseri kwa msika. Ndipo sanazembe ayi. Analowa masana, atavala mpango wake wa bungwe la amayi a mpingo, umene anauvala zaka zochuluka akutsogolera nyimbo.

Amuna amene ankamwa pamenepo anabisa makapu kumsana.

"Ndipatseni wamutu weniweni," anatero Lefina. "Woyamba kudontha."

"Ndi wa a Zakeyo?" anafunsa mayiyo monong'ona.

"Ndi wa Amayi Maria."

Asanafike n'kunyumba komwe, nkhani inali itafika kale m'midzi itatu. Ndipo atakwera pachulu kukadzitama kwa Consolata, anakumana nazo.

"Kachasu? Azakhali! Mmenemo muli madzi ambiri, muli ndi zina zoti sitikuzidziwa. Musawakhudze naye. Ndapempha tchuthi, ndibwera ndi zanga Loweruka."

"Ndiye botololi nditani nalo?"

"Tayani!"

Lefina sanataye. Chinthu chogula sachitaya chisawawa, komanso akanachiika m'nyumba Zakeyo akanachipeza. Anachiimika m'chigafa momwemo, pambali pa mapazi a Amayi, pomwe ankadziwa kuti mwamuna wakeyo sangayerekeze kutambasula dzanja.

Ndi mmene Raymond anazipezera Lachisanu, atabwera ndi anzake awiri aja ndi machira onyamulira. Anaima pakhomo la chigafa, nayang'ana Amayi ali pa njerwa pakati pa masaka, nthenga za tambala zili mbwee, botolo lili njo kumapazi. Anavula chipewa, nachivalanso.

"ANabanda, izi ndiye ziti?"

"Chipatala."

"Mudzi wonse ukutiseka! A mipingo ina akuti Akatolika ayamba kuthira nsembe ya kachasu. Mawa n'Loweruka, mkuja bambo mfumu afika. Tabwera kudzatenga Amayi. Tiwapaka lero, pofika Lamulungu auma."

"Sanachire."

"Akuoneka bwino kale."

"Nanunso mumaoneka bwino, apampando, koma shuga ali mkati."

Mmodzi wa amuna aja anatsokomola mobisa kuseka. Raymond nkhope inagwa. Iyenso sanali munthu woipa. Ndi amene anasenza mabenchi m'matope, ndi amene anakolopa tchalitchi mpaka msana kuwawa, ndipo ankafuna kuti tsiku limodzi lokha zinthu zioneke zolongosoka.

"Komiti yakambirana," anatero pang'onopang'ono. "Mukakana, mpango wa bungwewo muvule. Munthu wogula kachasu atavala mpango wa mpingo, n'kulanda katundu wa mpingo, sangatsogolere amayi pamaso pa bambo mfumu. Mukatipatsa Amayi, za botolozi tiziiwala."

Nyimbo za Lamulungulo anaphunzitsa ndi Lefina. Anadziwa pomwe amayi adzalowere, pomwe adzagwade, pomwe iye adzakweze dzanja kuti ng'oma iyambe. Anayang'ana Amayi. Madontho akuda aja anali pomwepo m'masaya, ndipo pansi pake, ukayang'anitsitsa, timizere tinkaoneka ngati mapazi a mbalame pamchenga.

Anakweza manja, namasula mfundo ya kunkhongo. Imvi zinatuluka zili nyankhalala. Anaupinda mpangowo kanayi, bwinobwino, naupereka ndi manja awiri atapinda bondo, mwaulemu wonse.

"Landirani. Muuchape ndi madzi ozizira, umasuluka."

Raymond anaulandira chifukwa analibe pothawira. Kenako anakodola anzake aja. "Nyamulani."

"Odi kumeneko!"

Anali Zakeyo, akuchokera kumunda, mtolo wa fodya uli paphewa. Anautsitsa mosafulumira.

"Chigafa ichi mitengo yake ndinadula ndine, udzu ndinamweta ndine. Ine ndine mkamwini pamudzi pano, nyumba si yanga, munda si wanga, ngakhale tambala uyo si wanga. Changa ndi chigafa chokhachi. Wolowamo ayambe wandipempha."

"Ndiye tikupempha, a Phiri," anatero Raymond.

"Ndakana. Mungandiyambukizire chuku ku fodya."

Anabwerera ndi machira awo opanda kanthu, mpango uli m'thumba la jekete.

"Musaganize kuti ndakhululuka," anatero Zakeyo alendo atapita. "Fodya wanu m'khichinimo wada ngati makala. Ndipo botolo ilo likungowonongeka."

"Likhudzeni muone."

Consolata anafika Loweruka pa kabaza, atanyamula kabokosi. Anagwada, napereka moni kwa azakhali ake, nayang'ana mutu wopanda mpango, koma sanafunse. Anavala magolovesi, nakulunga thonje kunsonga ya kamtengo, naviika mu sipiriti wake. Anayamba wayesa kumsana, pobisika, nadikira kuti aone ngati utoto usuluka. Kenako anapita kumaso. Sankapukuta ayi, ankangogubuduza kathonjeko pang'ono, n'kutaya, n'kutenga kena. Lefina anakhala pambali atagwira mbale yotayamo thonje, osalankhula, chinthu chimene anthu a m'mudzimo sanachionepo.

Tsaya lakumanja linayera. Mphini zinatuluka zonse, zakuthwa ngati azitema dzulo. Tsaya lakumanzere, limene linatsamira pepala lakuda lija, linali litadyeka. Dontho litachoka panatsala posalala, potuwa, popanda kanthu.

"Apa zapita, azakhali," anatero Consolata motsitsa mawu.

"Sungazibwezere? Ndikukumbuka mmene zinalili. Ndikuuza."

"Ndingathe kujambula timizere, koma tikhala tanga, osati ta adadi. Kuntchito kwathu chomwe chapita timachisiya chioneke kuti chapita."

Lefina anayang'ana nkhopeyo nthawi yaitali. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, nanena kuti ndi sipiriti akumuwawa.

"Siya choncho. Nawonso eni ake nkhopeyi ankagonera mbali imodzi."

"Koma mkati simunaumitsitse, azakhali. Asachoke muno mpaka mvula ithe. Akabwerera m'chinyezi muja, chuku chidzukanso."

"Mwamva, abambo a Chancy?" anakuwa Lefina. "Mlendo akhalitsa!"

Kuseri kwa masaka kunamveka kubuula.

Lamulungu anthu anadzaza tchalitchi mpaka m'mawindo. Ambiri ankati Lefina sabwera, manyazi amugwira. Anabwera. Anavala chitenje chake chofiira cha maluwa, imvi atazipesa bwino n'kuzisiya poyera, nadutsa pakati penipeni, kupitirira amayi a mipango, mpaka kutsogolo. Thebulo la Amayi linali pamalo pake, atayalapo nsalu yoyera ndi maluwa a pulasitiki, pakati pali mbee. Lefina anayala kansalu pansi, nakhala m'munsi mwake, miyendo atawongola.

Nyimbo yolowera anaitsogolera mayi wina amene anaiyamba pamwamba kwambiri, moti pofika pakati amayi onse ankalira ngati anapiye. Lefina anaitola pansi pomwe anakhalapo, ndi mawu ake aja onga a mwamuna, ndipo ng'oma inatsata iye.

Itakwana nthawi yowaza madzi odalitsa, bambo mfumu anazungulira makoma, nafika pathebulo paja, naima. Anayang'ana maluwa, nayang'ana Raymond.

"Apampando, Amayi ali kuti?"

Raymond anatsegula pakamwa. Anayang'ana denga, nakonza tayi.

"Ali kwathu, bambo," anatero Lefina mokweza, kuti a panja amve nawo. "Anadwala, akuchira. Abwera mvula ikatha, ndi nkhope yawo yomwe ija. Wofuna kuwazonda abwere kuchigafa, koma madzi anuwo muwasiye konkuno."

Bambo mfumu anayang'ana kandowa kamene kanali m'manja mwawo. Anayang'ana nkhalamba ya imvi ili pansi. Kenako anaviika, nawaza pathebulo lopanda kanthu, madontho ena n'kugwera pamutu pa Lefina. Iye sanapukute. Anayambitsa ndime yachiwiri ya nyimbo.